Lipoti la nkhani: dimba la pinyolo ndi minda ya malemu ku Dómuè

Nkhani iyi ndi ya banja lina la m'dera la Dómuè, m'boma la Angónia, chigawo cha Tete, ku Mozambique. Mayina a anthu ndi a mudzi tawachotsa. Ndalama ndi miyeso zomwe zili muno ndi za banja ili lokha, si za dera lonse. Nkhaniyi inafika kwa ife athandizi a zamalamulo a m'midzi mwezi wa Ogasiti, patatha milungu isanu bambo wa pakhomopo ataikidwa m'manda. Anaibweretsa ndi nkhoswe ya kuchikazi, ndipo dandaulo lake linali lalifupi: akuchimuna auza mayi wamasiye kuti akangomusudzula atenge ana abwerere kwawo, chifukwa minda ndi ya mbumba.

Malemuwo anathawira ku Dedza nthawi ya nkhondo, nabwerera kumudzi pamodzi ndi anthu ena ambiri pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa 1992. Ali ku Malawi anabereka mwana wamwamuna ndi mkazi wina, ukwati umene sunakhalitse. Atabwerera anakwatira mayi tikunenayu n'kumutenga chitengwa. Ukwati unali wa ankhoswe, sunalembedwe ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi kubadwa kwa ana. Anabereka ana anayi: mnyamata wa zaka 24 yemwe amalonda pa malo ena mumzinda wa Tete, mtsikana wa zaka 19 yemwe ali pakhomo ndi khanda, ndi ana awiri a kusukulu, wa zaka 13 ndi wa zaka 9. Kuchimuna oyankhula anali atatu: mlongo wa malemu, mng'ono wawo, ndi malume awo, omwe ndi mwinimbumba.

Malo okanganirana analinso atatu, ndipo aliwonse ali ndi mbiri yakeyake. Woyamba ndi munda waukulu umene malemu anaupeza kuchokera kwa mayi awo. Wachiwiri ndi munda wa kuphiri, tchire limene nyakwawa anapatsa banjali atangokwatirana, ndipo anadula mitengo ndi kuzula zitsa okha, mwamuna ndi mkazi. Achitatu ndi dimba la m'mbali mwa mtsinje, kachigawo kosakwana kotala la hekitala, koma ndi kamene kankabweretsa ndalama ya mchere ndi sopo chaka chonse: mbatatesi, kabichi, tomato. Pamene nkhani imatipeza, m'dimbamo munali mbatatesi ya munthu wina.

Chimene chinali pansi pa mkangano

Pa nkhani zotere aliyense amabwera akufuula za malire, koma ukawamva mmodzimmodzi umapeza kuti chikuwawa ndi ndalama imene wina anatulutsa osalemba paliponse. Apa zinali chomwecho. Sitinayambe ndi bwalo. Masiku awiri oyamba tinamva anthu paokhapaokha, aliyense pakhonde pake. Mayi wotengedwa chitengwa sangatsutse alamu ake ndi malume a mwamuna wake pagulu, makamaka maliro asanathe mwambo. Pabwalo amangoti akulu anena kale. Kuseri kwa nkhokwe, ali ndi nkhoswe yake, ndi pamene anafotokoza kuti dimba linapita pa pinyolo, kuti ali ndi ngongole ku gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama, ndiponso kuti ndalama ya fodya sanaione n'komwe.

Mlongo wa malemu anati anapereka mbuzi ziwiri ndi mametikali 4,000 a galimoto yopita kuchipatala ku Ulónguè, koma palibe anamuthokoza, ndipo akuona ngati alamu ake anadya ndalama zimene mwana ankatumiza. Mwana wa ku Tete uja, pa foni, anati watumiza mametikali oposa 50,000 pa matenda a bambo ake, choncho dimba likabwerera likhale lake. Mwana wa kwa mkazi woyamba sanaitanidwe n'komwe ku zokambirana za pamaliro. Tinachita kumufunafuna, chifukwa mgwirizano umene wasiya mwana mmodzi kunja umagwa tsiku limene iye wamva.

Titaphatikiza zonse zimene anthu ankanena pakamwa, zinkapitirira mametikali 90,000. Khomo limenelo silinagwirepo ndalama yotere. Ntchito yoyamba inali kulemba kaundula mmodzi wa ndalama, m'kope la sukulu, mzere uliwonse ndi umboni wake.

Kaundula wa ndalama

Za dimba panali pepala. Malemu akudwala, mwezi wa Epulo chaka chathacho, analandira mametikali 12,000 kwa mwini kagolosale wa pamsika wapafupi. Pepalalo linalembedwa m'Chipwitikizi ndi mnyamata wa sukulu, ndipo pamwamba pake panali mawu akuti declaração de venda, kutanthauza chikalata chogulitsira. Malemu anadindapo chala. Mboni ziwiri zimene zinadindanso tinazifunsa padera, ndipo zonse zinanena chimodzi: chimene anagwirizana pakamwa chinali pinyolo, kuti ndalama ikabwezedwa dimba libwerere. Mnyamatayo analemba mawu ogulitsa chifukwa ndi amene ankawadziwa. Vuto limeneli n'lofala kumalire kuno: anthu amapangana m'Chichewa, pepala n'kulembedwa m'chinenero chimene odinda chala sakuchiwerenga. Wogwira dimbayo anali atakolola kale mbatatesi kamodzi, yachiwiri ili m'nthaka, ndipo ankafuna 12,000 yake ndi 8,000 ina ya chitsime chimene anakumbitsa ndi feteleza.

Za fodya zinali zosavuta kutsata chifukwa kampani imapereka mapepala. Malemu ankalima bale pa kontilakiti, kulandira mbewu, feteleza ndi mankhwala pa ngongole. Fodya wa chaka chimene anamwaliracho anagulitsidwa mametikali 21,000, kampani inadula ngongole ya 9,600, yotsala 11,400. Anakailandira ndi mng'ono wa malemu, yemwe ali m'kalabu imodzi ndi mkulu wake, nthawi imene mkuluyo anali atagona. Iye anati yonse inathera pa maliro. Tinakhala naye pansi ndi amene anagula zinthu tsikulo: matabwa ndi misomali ya bokosi 2,800, nsalu 600, galimoto yonyamula thupi 1,500, ndiwo, mchere, shuga ndi zina 1,900. Zonse 6,800. Yotsala 4,600 anavomera, atakhala chete nthawi yaitali, kuti anagulira malata a denga. Sitinamutchule wakuba, ndipo tinapempha ena kuti asatero. Munthu amene wachititsidwa manyazi pagulu sabweza ndalama, amangosiya kubwera ku bwalo.

Ku gulu losunga ndalama mayiyo anatenga 5,000 m'dzina lake, pa chiwongoladzanja cha 500 pamwezi. Miyezi isanu inali itadutsa osabweza, ngongole itafika 7,500. Masheya ake m'gulumo anali 2,200. Panalinso katapila wa chimanga: mu Febuluwale anatenga malata 4 (zitini zoyezera chimanga) kuti adzabweze 8, ndipo anali atabweza 5.

Ndalama ya mwana wa ku Tete tinaiwerenga kuchokera ku mauthenga a M-Pesa, njira yotumizira ndalama pa foni, pa foni yake ndi pa foni ya malemu. Inakwana 31,500 pa miyezi 14. Mnyamatayo sankanama dala. Wotumiza amakumbukira kuwawa kwa kutumiza, sakumbukira chiwerengero. Chimene chinathandiza kwambiri ndi masiku a pa mauthengawo: titawayika pambali pa khadi la kuchipatala, zinaoneka kuti pafupifupi ulendo uliwonse wa kuchipatala unkatsatira ndalama imene yangolowa. Nkhani yakuti mayiyo anadya ndalama inathera pamenepo, popanda wina kupepesa.

Chotsiriza m'kaundula chinali nkhokwe, ndipo ambiri oyanjanitsa amaiiwala. Banjali linakolola matumba 21 a makilogalamu 50. Atatu anapita ku maliro, pafupifupi awiri ku katapila, limodzi linagulitsidwa, anayi anadyedwa. Otsala 11. Khomo la anthu asanu ngati ili limadya thumba ndi theka pamwezi, ndiye kuchokera Ogasiti kufika Epulo pafunika matumba 13 ndi theka. Chimanga chinali chopereweratu. Achibale ena ankati agulitse matumba asanu abweze ngongole ya ku gulu. Tinakana kulemba zimenezo. Wogulitsa chimanga mu Ogasiti pa mtengo wotsika amakachigulanso mu Januwale pa mtengo wokwera, kapena amakatenga katapila wina, kapena amasiya munda wake osapalira n'kupita ku ganyu. Njira zonse zitatu zimathera pa kupinyolitsanso malo.

Zimene lamulo likunena, ndi pamene silifika

Lamulo la malo la Mozambique, la nambala 19/97, limanena mosabisa kuti nthaka ndi ya boma, ndipo siingagulitsidwe, kuperekedwa chikole kapena kulandidwa chifukwa cha ngongole. Malamulo aakulu a dziko amanenanso chimodzimodzi. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito nthakayo, umene umatchedwa DUAT. Choncho pepala la dimba lija, kaya tiliwerenge ngati kugulitsa kaya ngati pinyolo, silikanapatsa mwini golosale ufulu pa nthaka. Koma izi sizifafaniza ngongole. Ndalama anaperekadi, ndipo iyenera kubwerera. Tinamufotokozera zinthu ziwirizi pamodzi, chifukwa ukangomuuza munthu kuti pepala lake n'lopanda ntchito amaumitsa khosi. Chitsime ndi mbewu zimene zili m'nthaka lamulo limaziona mosiyana ndi nthakayo, ndipo ndi pamenepo pamene panali pokambirana.

Pali chifukwa china chosalekerera pinyolo wa malo kuti agone zaka. Lamulo lomwelo limapereka DUAT kwa nzika imene yagwiritsa ntchito malo mosabisa ndi mwa mtima woona kwa zaka zosachepera 10. Banja likangokhala chete, mboni n'kumwalira, wogwira pinyolo amadzaima pabwalo ndi pepala lonena za kugula ndi zaka khumi za kulima. Mwina sangapambane, koma mlandu wake umakhala wautali ndi wodula.

Pa za mayi wamasiye, akuchimuna ankadalira mfundo yakuti alibe chikalata cha ukwati ndiponso alibe pepala la munda. Zonse ziwiri sizimuchotsera ufulu. Lamulo la malo limavomereza ufulu wopezeka mwa mwambo ngakhale palibe chikalata, limalola umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi, ndipo limati DUAT imapita kwa olowa m'malo mosasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Mwambo umatsatidwa pokhapokha ngati sukusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Lamulo la banja la 2019, nambala 22/2019, limazindikira mwamuna ndi mkazi amene akhala pamodzi ngati banja kupitirira zaka zitatu osalembetsa, chimene amati união de facto, ndipo katundu amene apeza pamodzi ndi wa onse awiri. Lamulo la chuma cha masiye la chaka chomwecho, nambala 23/2019, linaika wamasiye pa mzere woyamba pamodzi ndi ana. Abale a malemu amabwera pambuyo. Ana onse ndi ofanana, wa kwa mkazi woyamba ndi a m'nyumba iyi.

Pa munda wa kuphiri izi zinatseka nkhani. Nyakwawa ndi amayi awiri achikulire anachitira umboni kuti banjali linatsegula lokha tchirelo. Mbumba inalibe pogwira.

Munda waukulu ndi umene unavuta, ndipo apa tiyenera kunena chilungamo kuti mlongo wa malemu sankangolongolola. Munda unali wa mayi awo. Mwa Achewa malo otere amayenda ndi ana aakazi, ndipo mchimwene wake ankalima wonse chifukwa iye anali ku ukwati kwina. Tsopano ukwatiwo unatha, wabwerera, ndipo akulima kachigawo kobwereka. Funso lenileni silinali lakuti wolowa m'malo mwa malemu ndani, koma lakuti mwa munda umenewu, gawo la malemu linali liti. Sungagawe ngati chuma cha munthu chinthu chimene sichinali chake chonse. Ku Angónia izi zimasokonekera kawiri chifukwa mudzi umodzi umatha kukhala ndi mwambo wa Chichewa ndi wa Chingoni pamodzi, ndipo munthu amasankha mwambo umene ukumukomera tsiku limenelo. Malume aja pa munda waukulu ankanena za mbumba ya kuchikazi, koma pa ana ankati ndi a kuchimuna chifukwa mayi anatengedwa chitengwa. Tinangowafunsa modekha kuti ngati ana ndi awo, adzadya kuti. Sanayankhe, koma kuchokera pamenepo mawu akuti mayiyo achoke sanamvekenso.

Kuyeza

Tisanagawe tinayeza, tsiku limodzi, onse alipo pamodzi ndi eni minda yoyandikana. Zida zake ndi chingwe cha mamita 50 chomangidwa mfundo pa mamita 10 aliwonse, zikhomo, ndi foni yoonetsa malo yotsimikizira. Munda wosalunjika umadulidwa m'zigawo za makona anayi ndi atatu, chilichonse n'kuwerengedwa pachokha. Aliyense ankati munda waukulu ndi mahekitala awiri. Unapezeka 1.4. Wa kuphiri hekitala imodzi. Anthu kuno amasakaniza ekala ya ku Malawi ndi hekitala, pamene hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka, ndiye mkangano wina umakhala wa mawu chabe.

Kuyezako kunavumbula chinthu chimene palibe anachidandaula: kumadzulo malire anali atalowa mkati pafupifupi mamita 7 kuchokera pa chulu chimene akuluakulu ankachidziwa. Woyandikana naye ankawonjezera mzere umodzi chaka chilichonse pogalauza, makamaka zaka zimene malemu ankadwaladwala. Mzere umodzi sufika mita, suoneka. Koma mamita 7 m'litali mwa mamita 100 ndi malo okolola thumba kapena awiri. Anabweza popanda phokoso, mwina poona kuti maso onse ali pamenepo.

Bwalo ndi mgwirizano

Bwalo linakhala kwa nyakwawa, pali mlembi wa mudzi, ankhoswe a mbali zonse, ndi woweruza mmodzi wa khoti la m'mudzi, makhoti aja anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992 kuti aziyanjanitsa anthu pa nkhani zing'onozing'ono. Mwana wa ku Tete anamvera pa foni. Tinayamba ndi kuwerenga kaundula mokweza, mzere ndi mzere, kuphatikizapo mbuzi ziwiri ndi 4,000 ya mlongo uja. Iye sanafune kubwezeredwa. Ankafuna kuti zinenedwe pagulu, ndipo zitanenedwa nkhope yake inamasuka. Tinafulumira kuti zonse zithe Seputembala asanathe, chifukwa munthu akangosadza mizere pa malo okanganirana, kapena akafesa nazale ya fodya, thukuta lake limasanduka mlandu wina pamwamba pa woyamba.

Pakati pa zokambirana wina anaponya mawu akuti imfa ya malemu inali yokayikitsa. Mawu a ufiti pa nkhani za masiye nthawi zambiri amatuluka pamene mfundo zina zatha, ndipo cholinga chake ndi kuti wamasiye athawe yekha. Nyakwawa anali atachenjezedwa kale, ndipo anawadula pomwepo, nanena kuti wofuna kuyankhula za matenda akaone khadi la kuchipatala. Tinakumbutsanso bwalo kuti kuopseza mayi, kumuthamangitsa kapena kumulanda katundu ndi mlandu pansi pa lamulo la nkhanza za m'banja la 2009, ndipo umenewo supita kwa nyakwawa koma kupolisi.

Pa dimba anagwirizana kuti mwini golosale akumbe mbatatesi yake mpaka kumapeto kwa Okutobala, kenako atuluke. Ndalama 8,000 ya chitsime ndi feteleza anaisiya, poona kuti wakolola kawiri popanda kulipira lendi, ndipo chitsimecho ndi dzenje la mamita awiri lopanda njerwa. Ya 12,000 ibwezedwe motere: 4,600 kuchokera kwa mng'ono wa malemu, 4,000 kuchokera kwa mwana wa ku Tete m'miyezi iwiri, 3,400 kuchokera ku mbatatesi yoyamba ya mayiyo. Gulu losunga ndalama linavomera kuwerengera chiwongoladzanja cha miyezi itatu yokha, n'kusiya cha miyezi ya maliro. Ngongole inakhala 6,500, kuchotsa masheya 2,200, yotsala 4,300, imene inalipidwa pogulitsa nkhumba imodzi. Wakatapila analandira lata limodzi n'kutseka, popeza anali atalandira kale koposa chimene anapereka.

Munda wa kuphiri unakhala wa mayiyo ndi ana, osaduladula. Tinawerengera bwalo kuti theka lake ndi la mayiyo kale, ndipo theka linalo likanati ligawidwe mofanana kwa anthu asanu ndi mmodzi, aliyense akanapeza kachidutswa kosakwana mamita 30 mbali zonse, kosalimika phindu. Mwana wa kwa mkazi woyamba anavomera kusiya gawo lake kumeneko n'kulandira 0.3 ya hekitala m'munda waukulu, umene ndi wa agogo ake, pamodzi ndi njinga ya bambo ake. Mlongo wa malemu analandira 0.4, ndipo 0.7 inatsala ku khomo la malemu. M'malire atsopano anabzala khonje, mtengo umodzi pa mamita asanu aliwonse. Khonje ndi nkhadze n'zabwino pa ntchitoyi chifukwa mbuzi sizikonda kudya ndipo moto wa tchire suzipha msanga, pamene mwala munthu amausuntha usiku.

Mwana wa ku Tete sanapatsidwe dimba. Ndalama yotumizira kholo lodwala ndi chithandizo, si malipiro a malo, ndipo tikanailemba ngati malipiro azing'ono ake akanakhala alendi a mkulu wawo. Zinamuwawa. Chimene anapatsidwa ndi malo omangapo nyumba pafupi ndi ya mayi ake, ndiponso 31,500 yake inalembedwa m'chikalata kuti isaiwalike.

Akuchimuna anafuna mzere wakuti mayiyo akadzakwatiwanso achoke pa malo onse. Pa munda wa kuphiri ndi dimba tinakana, chifukwa ndi ufulu wake. Pa 0.7 ija analemba kuti ndi ya ana a malemu, mayi awo akuwalimira, ndipo mwamuna wina aliyense sadzakhala ndi gawo pamenepo. Mawu amenewa si angwiro, koma ndi amene mbali zonse zinatha kudindapo chala. Chikalatacho chinalembedwa m'Chichewa ndi m'Chipwitikizi, chinawerengedwa mokweza m'Chichewa asanadinde, chili ndi chithunzi cha minda chojambula pamanja ndi miyeso yake, ndipo makope anali asanu: kwa mayiyo, kwa mwinimbumba, kwa mwini golosale, kwa nyakwawa, ndi ku ofesi ya boma ya m'deralo, ya localidade, komwe anadinda chidindo.

Zimene zinalakwika

Zinthu ziwiri zinasokonekera, ndipo zonse zinali zolakwa za kalembedwe ka mgwirizano, osati za anthu okha.

Choyamba, mng'ono wa malemu anabweretsa 2,000 yokha pa tsiku lake. Chikalata sichinanene chochitika ngati mmodzi walephera, ndipo sichinanene momveka kuti kubwerera kwa dimba sikudalira kutha kwa ngongole. Mwini golosale anaona mpata, ndipo atakumba mbatatesi anayamba kukonza mabedi a kabichi. Tinachedwa milungu itatu kuti bwalo likhalenso. Powonjezera analemba kuti 2,600 yotsala ndi ngongole ya mng'ono wa malemu yekha, yolipidwa pa malonda a fodya otsatira, wapampando wa kalabu yake ali mboni, ndipo dimba lituluke m'manja mwa mwini golosale tsiku lomwelo. Tsiku lolipira liyenera kugwirizana ndi nthawi imene munthuyo amagwira ndalama. Mlimi wa fodya mu Okutobala alibe kanthu, ndalama yake ili mu nazale. Tinamuikira tsiku limene sakanatha kulisunga, iye n'kuvomera chifukwa cha manyazi a pabwalo.

Chachiwiri chinali chachikulu. Mlongo wa malemu ali ndi mwana wamwamuna amene anali ku ganyu ku Malawi nthawi ya bwalo. Mwa mwambo wa mbumba iyeyu ndi amene ankadziona ngati wolowa m'malo mwa malume ake, ndipo zinadziwika pambuyo pake kuti ndi iye ankasonkhezera mayi ake pa foni. Tinafufuza ana a malemu onse koma sitinafunse za ana a mlongo wake. Atabwera mu Disembala anazula khonje 11 n'kubzala chimanga mizere isanu ndi umodzi mkati mwa gawo la ana amasiye. Panthawiyo mvula inali itagwa, chimanga chitamera, ndipo kuchizula kukanabweretsa ndewu. Bwalo linagamula kuti mizereyo aipalire ndi kukolola ndi mayiyo, n'kumubwezera mnyamatayo mbewu yake yokha, makilogalamu awiri, ndipo iye abzalenso khonje ndi manja ake nyakwawa akuona. Anadinda chala pa chikalata ngati munthu wowonjezera. Anauzidwanso kuti akabwereza, nkhani idzapita ku khoti la boma ku Ulónguè, kumene mayiyo angapeze woimira waulere ku IPAJ, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu.

Pa nkhani ya mudzi wotsata kuchikazi, mndandanda wa oyenera kumvedwa usamathere pa amene lamulo limawatcha olowa m'malo. Uzifika kwa aliyense amene mwambo unamulonjeza kanthu, ngakhale lamulo silimupatsa, chifukwa ndi iye amene adzazule malire.

Mmene zilili

Ulendo wotsiriza unali mu Febuluwale. Mayiyo ali pakhomo pake, kusudzula kunachitika popanda kutchula za kusamuka. Chifukwa cha kuchedwa kuja sanabzale mbatatesi m'dimba mvula isanayambe, choncho 3,400 yake yasunthidwa kufika Julayi, ndipo mwini golosale wavomera polemba. Nkhokwe inatha kumayambiriro kwa mweziwo, msanga kuposa mmene tinawerengera chifukwa alendo a mwambo wa kusudzula anadyanso. Mtsikana wa zaka 19 uja akupita ku ganyu masiku awiri pa sabata, kulandira chimanga. Feteleza wobereketsa anathira thumba limodzi lokha, pa munda wa kuphiri, ndipo 0.7 ija ili ndi nyemba ndi soya.

Pempho loti DUAT ya munda wa kuphiri ndi dimba ilembedwe m'dzina la mayiyo ndi ana silinaperekedwe ku boma, chifukwa chiphaso chake cha unzika, cha BI, chinatha nthawi ndipo ana awiri aang'ono alibe zikalata za kubadwa. Ndi zimene zikutsatidwa tsopano, kuyambira ku Registo Civil. Mwa khonje amene anabzalidwanso, asanu ndi atatu agwira, atatu anauma.